Musanafunse kuti watituma ndani, tamvani kaye zomwe tikunena

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko kudzera m'nyuzipepala yanu ndi makolo athu a kuno ku Chigwa cha Shire, mafumu ndi anyakwawa, akuluakulu a mipingo ndi mizikiti, komanso achinyamata anzanga a ku Nsanje ndi ku Chikwawa. Ine ndine mnyamata wa zaka 28, ndimayendetsa kabaza wa njinga yamoto pa Bangula. Kwathu kwenikweni ndi kutsidya, ku East Bank, m'dera la Mfumu Yaikulu Mlolo, koma madzi anatichotsako. Sukulu ndinafika Fomu 4 ndipo ndinakhoza, kungoti ntchito yolembedwa sinapezeke.

Chandilembetsa kalatayi ndi ichi: kuno kwathu wachinyamata akaimika dzanja pamsonkhano wa m'mudzi n'kufunsa funso lovuta, sayankhidwa. Amafunsidwa funso lina lakuti, "Wakutuma ndani?" Ukafunsa kuti kaundula wa olandira chimanga analembedwa liti komanso panali ndani, ndiye kuti akutuma a chipani chotsutsa. Ukayamikira kuti mjigo wakonzedwa, ndiye kuti wadya za a chipani cholamula. Boma linasintha mu June 2020, lasinthanso pachisankho cha pa 16 September 2025, koma funsoli silinasinthe. Omwe ankalifunsa dzana ndi omwe akufunsidwa lero. Zikatere mnyamata amakhala pansi mwamanyazi, msonkhano wotsatira sabweranso, ndipo akuluakulu amati, "Mwaona, ana a masiku ano alibe nazo chidwi zachitukuko."

Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'dziko muno tinalipo anthu 17.5 miliyoni, ndipo oposa theka anali asanakwane zaka 18. Ku Chikwawa kunali anthu oposa 560,000, ku Nsanje pafupifupi 300,000. Mwana yemwe anali ndi zaka 11 pa nthawi ya kalemberayo anali pamzere wovota mu 2025. Choncho anthu omwe akuuzidwa kuti akhale chete pabwalo ndiwo ochuluka m'mudzi, ndipo zomwe zikugamulidwa pabwalopo adzakhala nazo ndi iwowo kwa zaka makumi anayi kapena asanu zikubwerazi.

Nkhani yaikulu kwathu kuno ndi ya kusamuka. Aliyense wa m'chigwa muno amawerenga zaka potchula madzi: madzi a mu January 2015 pomwe Ruo anasiya njira yake n'kudzera m'midzi ya ku Makhanga, namondwe wa Idai mu March 2019, Ana mu January 2022 yemwe anaononga damu la Kapichira dziko lonse n'kukhala mumdima, Gombe patangopita milungu yochepa, kenako Freddy mu March 2023, yemwe anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno n'kusiya oposa 600,000 opanda pokhala. Madzi akaphwa, a boma amabwera ndi uthenga umodzi wakuti tisamukire kumtunda. Akuluakulu ambiri amakana. A m'tauni akamamva pawailesi amati anthu a ku Nsanje ndi amakani, amakonda zolandira. Mawu amenewa amandipweteka, chifukwa ndikudziwa zomwe makolo athu akuteteza.

Kudimba munthu amakolola kawiri pachaka. Madzi akabwerera amasiya ndere ndi nthaka yachonde, umabzala chimanga, mbatata, nyemba ndi maungu popanda feteleza, ndipo mu October, dzuwa likamaotcha moti phula wa pa M1 amafewa, kudimba kumakhala kobiriwira. Nsomba zili pomwepo. Njala ikavuta anthu amalowa m'dambo kukazula nyika. Kumtunda nthaka ndi youma, mvula ndi yosadalirika, mapira ndi mchewere zikakanika palibe kolowera, ndiponso malowo ali ndi eni ake. Nyakwawa akasamukira m'dera la mnzake amasanduka mlendo, ufumu wake umathera pomwepo. Manda a makolo amatsala kutsidya. Zonsezi si zifukwa zopepuka, ndipo wachinyamata yemwe amaziseka sanaganize bwino.

Koma ifenso tili ndi zathu zomwe sitinapatsidwepo mpata wozinena. Ndife amene sukulu zathu zimasanduka makampu chaka ndi chaka, ana n'kutaya temu yathunthu. Ndife amene timaumba njerwa n'kumanganso nyumba pamalo pomwe inagwa ina. Anzanga ena satifiketi zawo za MSCE ndi ziphaso zaunzika zinapita ndi madzi. Mayi woyembekezera akayamba kudwala usiku nthawi ya dzinja, amene amamunyamula pa bwato kapena pa njinga kudutsa m'matope ndi ife. Ku Nyachikadza, dera la m'dambo ku Nsanje, komwe boma linanena kale mu 1997 kuti anthu achokeko, kwabadwa m'badwo wathunthu womwe wakula chipatala chili kutsidya kwa dambo. Kodi anawo anafunsidwapo kuti akufuna chiyani?

Pamsonkhano wina wa zosamuka womwe ndinapitako, pansi pa mtengo wa mtondo, mipando inali ya alendo, mafumu ndi akuluakulu a komiti. Amayi anakhala pamphasa kumanzere. Ife anyamata, omwe tinanyamula mipandoyo kuchokera kutchalitchi, tinaima kumbuyo pafupi ndi njinga. Mtsikana wina yemwe anamaliza Fomu 4 chaka chimodzi ndi ine anagwada monga mwa mwambo n'kupempha kulankhula. Anati, "Zikomo mfumu ndi makolo nonse. Bwanji nyumba tikamange kumtunda koma minda yathu ya kudimba ikhalebe yathu, ilembedwe m'mayina athu kuti wina asadzailande tikachoka?" Bambo wina wa mukomiti sanadikire kuti amalize. Anati mawu amenewo anawamva kale pamsonkhano wa shado wina wofuna mpando wa phungu, ndiye mwanayu wachita kutumidwa. Anthu anaseka, mtsikanayo anabwerera pamphasa. Chodabwitsa n'chakuti pobwerera kunyumba azigogo angapo ankanena m'njira kuti mwana uja ananena zoona, maganizo amenewo ndi omwe iwonso ali nawo. Pabwalo paja sanathe kumuikira kumbuyo poopa kuti nawonso apakidwa chipani.

Apa ndi pomwe ndikufuna makolo athu aone. Funso lija lakuti wakutuma ndani likutsekanso pakamwa akuluakulu omwe. Mudzi wonse umadziwa yankho labwino, koma palibe wolinena poyera.

Ine ndinaonapo zomwe zimachitika wamkulu ndi mwana akamverana. Freddy asanafike, uthenga wa a zanyengo unkayenda pa WhatsApp ndi pawailesi kuti namondwe walowanso ku Mozambique ndipo akubwera kuno. Ndinapita kwa ambuya anga, bambo a bambo anga, n'kuwawerengera uthengawo pa foni. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anatenga ndodo yawo n'kundiuza kuti tipite kumtsinje. Anayang'ana madzi kwa kanthawi n'kunena kuti, "Mdzukulu wanga, Shire amabwera pang'onopang'ono, amakupatsa nthawi yomanga katundu. Woopsa ndi Ruo, chifukwa amatsika ku Mulanje mothamanga, ndipo akafika pa Chiromo amamutsekera Shire njira, madzi n'kubwerera m'mbuyo kudzaza dambo lonse. Foni yakoyo ikanena kuti ku Mulanje ndi ku Thyolo yagwa yambiri, usadikire kuona madzi pakhomo." Anandisonyeza njira yakale yodzera pa chulu chachikulu, yomwe imachedwa kumira, n'kunditchulira makomo a nkhalamba ndi olumala omwe tiyambe kuwachotsa. Tsiku lomwe mvula inakula, anyamata a m'mudzi mwathu tinatsata zomwezo. Foni inatiuza tsiku, ambuya anatiuza njira. Katundu wambiri anapita, mbuzi zinapita, koma a pamudzi pathu tinakafika kumtunda tonse.

Kukampu, m'kalasi momwe tinkagona mothithikana, kunalibe wovala makaka a chipani. Usiku kunalibe magetsi, mafoni anali atazima, ndiye tinkangocheza. M'menemo ndi momwe ndinamva mbiri ya ndale za kwathu kuchokera kwa anthu omwe anaiona ndi maso. Kusukulu tinaphunzira kuti pa 8 March 1992 maepiskopi a Katolika anatulutsa kalata yodzudzula boma, kuti pa 14 June 1993 kunali riferendamu ya nyali ndi tambala wakuda, kuti pa 17 May 1994 kunali chisankho choyamba cha zipani zambiri. Koma palibe mphunzitsi anatiuza momwe zinkakhalira pa geti la msika, anyamata a malaya ofiira a Youth League ataima kufunsa khadi la chipani, mayi wobereka mwana n'kubwezedwa ndi dengu lake la nsomba pamutu. Ambuya anati anyamatawo sanali alendo, anali ana a m'mudzi momwemo, ena abale awo enieni. Bambo wina wachikulire yemwe anagona pafupi nafe anaulula yekha kuti anali wa Young Pioneers, ndipo asilikali atawalanda zida pa Operation Bwezani mu December 1993 anathawira ku Mozambique, n'kubwerako patapita nthawi wopanda kalikonse. Anati mpaka lero pali mabanja omwe samupatsa moni.

Usiku umenewo ndinamvetsa chinthu chomwe ndikufuna mnyamata aliyense wa pa siteji ya kabaza achimve. Taonani mbiri ya akuluakulu a ndale a m'chigwa chathu chomwechi. Malemu Gwanda Chakuamba, mbuya wa ku Nsanje, anatsogolerapo Young Pioneers, anamangidwa mu 1980 ndi boma lomwe ankalitumikira, anatuluka mu 1993 n'kubwerera ku MCP komweko mpaka kukhala wachiwiri kwa Kamuzu Banda pachisankho cha 1994. Mu 2004 anaimira Mgwirizano Coalition kupikisana ndi Bingu wa Mutharika, ndipo chaka chotsatira anali nduna m'boma la Bingu yemweyo. Malemu Sidik Mia a ku Chikwawa anakhalapo nduna m'boma la DPP, m'boma la PP, kenako analowa MCP mu 2017 n'kukhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa chipanicho. Sindikuwanyoza, anali anthu athu ndipo ambiri anathandizidwa nawo. Ndikungonena kuti akuluakulu a ndale amadziwa kukhala pansi ndi yemwe ankalimbana naye dzulo. Amadyera limodzi, amakwatitsana ana. Chidani chimatsalira ife a m'munsi, omwe tinagendana pamsewu chifukwa cha iwo.

Nthawi ya kampeni pa siteji yathu pamafika galimoto m'mawa. Amatsika munthu ndi thumba la matisheti ndi nsalu, amalemba mayina, aliyense amuthirira mafuta pang'ono ndi kandalama ka m'thumba. Ntchito yathu ndi kutsogola pamdipiti, kuliza mahutala, ena kudzipenta thupi lonse padzuwa la kuno. Pamsonkhanopo amalankhula mfumu, amalankhula gavanala, amalankhula woimirayo, ndipo aliyense amati chipani chake chimakonda achinyamata. Wachinyamata yekhayo amene amagwira maikolofoni ndi woyambitsa nyimbo. Madzulo timabwerera pa siteji, wina wavala buluu, wina zobiriwira ndi zofiira, wina chikasu, ndipo anthu omwe dzulo ankabwerekana sipanala ayamba kuyang'anizana ndi diso lofiira. Ndikudziwa anyamata awiri, mwana wa achemwali ndi mwana wa achimwene, omwe anasiya kulankhulana kuyambira kampeni ya 2019. Anthu omwe iwo ankawamenyera nkhondo anasintha kale zipani.

Lamulo la zipani za ndale la 2018 limaletsa kugawa ndalama ndi zinthu pofuna kukopa mavoti. Ife tonse timadziwa zomwe timaona. Sindiweruza mnzanga yemwe walandira, chifukwa ndikudziwa mtengo wa mafuta ndi wa ndowa ya chimanga pa Bangula mu February. Koma ndikufunsa a zipani zonse, osapatula chilichonse: ngati mumatikhulupirira kuti tikutetezeni pamsewu, bwanji simutikhulupirira kuti tikhale nanu pomwe mukukonza mfundo? Malamulo a dziko amalola munthu wa zaka 21 kukhala phungu. Mu 2025 bungwe loyendetsa zisankho la MEC linadula pakati ndalama yolembetsera kwa achinyamata, amayi ndi olumala, K1.25 miliyoni m'malo mwa K2.5 miliyoni pa mpando wa phungu. N'zoyamikika, koma mnyamata wa ku Tengani kapena kwa Ngabu ndalama imeneyo aitenga kuti, osanena za ndalama ya mapulaimale? Kwa ambiri a ife Nyumba ya Malamulo ili kutali. Pomwe tingafike ndi pa makomiti a chitukuko a m'mudzi ndi a m'dera (VDC ndi ADC), pa komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi m'mudzi, ndi pa komiti ya malo. Mpake kuti nkhondo yathu ya mawu iyambire pamenepo.

Za komiti ya malo ndikufuna ndikhalitsepo, chifukwa ngalande ikubwera. Shire Valley Transformation Programme, yomwe akuthandiza ndi a World Bank ndi African Development Bank, ikukumba ngalande yaikulu yotenga madzi pa Kapichira kutsika nawo mpaka kuno ku Bangula, kuti ithirire mahekitala oposa 43,000. Dongosolo lake ndi lakuti anthu alembetse minda yawo, aiphatikize pamodzi n'kupanga makopaletivu, monga anachitira a ku Phata ndi nzimbe zawo, kenako azigawana phindu malinga ndi kukula kwa malo omwe aliyense anaperekapo. Ngati zitayenda bwino, chigwa chino chidzasintha kuposa momwe chinasinthira pomwe munda wa nzimbe wa ku Nchalo unatsegulidwa m'zaka za m'ma 1960. Koma funso lomwe achinyamata timafunsana pa siteji ndi ili: munda ukalembedwa m'dzina la bambo kapena la amalume, n'kulowa m'kopaletivu, mwana wa zaka 25 yemwe amalima kachigawo ka mundawo adzakhala ndani? Membala kapena waganyu? Bambo akadzamwalira, gawo lawo lidzagawidwa bwanji pakati pa ana asanu ndi awiri? Nanga mtsikana wa kwa Asena, komwe malo amatsata kuchimuna, dzina lake lidzalembedwa pati?

Lamulo la malo a makolo la 2016 linakhazikitsa makomiti a malo otsogozedwa ndi gulupu, okhala ndi anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi mudzi, ndipo linanenetsa kuti osachepera atatu akhale amayi. Linachita bwino, ndipo amayi athu ayamba kumveka chifukwa cha mipando imeneyo. Palibe choletsa mudzi kuti posankha anthu asanu ndi mmodziwo uonetsetse kuti awiri ndi osapitirira zaka 35, mnyamata ndi mtsikana. Sipafunika kudikira Nyumba ya Malamulo, pafunika gulupu ndi anyakwawa ake angogwirizana. Kukhonsolo nakonso woimira achinyamata amakhalapo, koma ali m'gulu la oimira magulu apadera omwe savota. Amamvetsera, amasaina, amalandira alawansi, amabwerera. Mpando wotere sutikwanira.

Akuluakulu akamakayikira za ngalandeyi ife achinyamata timafulumira kunena kuti ndi otsalira. Tiziyamba tawafunsa chifukwa chake. Iwowa analipo mu October 2010 pomwe doko la Nsanje linkatsegulidwa, atsogoleri a Zimbabwe ndi Zambia ali pomwepo, anthu akuuzidwa kuti Nsanje isanduka mzinda. Mpaka lero sitima zonyamula katundu sizikocheza padokopo. Anaona njanji itaduka pa Chiromo mu 1997, sitima yomwe inkanyamula thonje ndi anthu n'kusiya kuwoloka. Anaona thonje, lomwe linaphunzitsa ana ambiri a m'chigwa muno, likutsika mtengo mpaka anthu kulisiya. Munthu yemwe waona zonsezi akafunsa kuti pepala lomwe akusainalo likutanthauza chiyani, akufunsa funso lanzeru. Ife odziwa kuwerenga Chingerezi ntchito yathu ndi kukhala naye pansi n'kumuwerengera ndime ndi ndime, iye n'kutiuza malire enieni a munda ndi momwe unapezekera. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, timatero, koma moto wake uzifika kudamboko, osati kubwezedwa usanafike.

Achinyamata anzanga, nafenso pali zomwe tiyenera kusiya. Pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp timatukwana mafumu ndi azibusa ndi mawu omwe sitingawanene pamaso pawo, kenako timadabwa kuti sakutiitana kubwalo. Timatumizirana mauthenga a mawu opanda mwini, onena kuti mtundu wakuti kapena chigawo chakuti chatipangira chiwembu, osafunsa kuti wajambula ndani. Choipitsitsa ndi chakuti m'dziko muno nkhalamba zikumenyedwa, zina kuphedwa, pozinamizira ufiti, ndipo manja omwe amagenda miyalayo kawirikawiri ndi a anyamata. Lamulo la 1911 limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti, ndipo mu 2024 aphungu anavomereza lamulo loteteza anthu achikulire. Gogo yemwe akuopa adzukulu ake sangakhale nawo pansi kukambirana za malo. Tikafuna kumvedwa, ifenso tionetse kuti nkhalamba ya m'mudzi mwathu ikhoza kugona mtima uli m'malo chifukwa ife tilipo.

Ndinenenso za atsikana, poti ine ndine mwamuna ndipo ngakhale ndimaima kumbuyo, mawu anga amafikako. Mtsikana amatsekeredwa kawiri, chifukwa cha msinkhu ndi chifukwa choti ndi wamkazi. Malamulo a dziko anasinthidwa mu 2017 kuti ukwati uziyambira zaka 18, ndipo mafumu athu ambiri akhala akuthetsa maukwati a ana komanso kuletsa miyambo ngati kusasa fumbi ndi kulowa kufa. Koma madzi akasefukira, banja n'kutaya zonse, mwana wamkazi ndi amene amayamba kuganiziridwa zokwatiwa. Kukampu ndinaona atsikana akuopa kupita kuchimbudzi usiku, akusowa zovalira pa nthawi yawo ya mwezi, koma mukomiti ya kampu munalibe ndi mmodzi yemwe wa msinkhu wawo woti anene zimenezo. Zoterezi bambo wa zaka 60 sangaziganizire, ngakhale atakhala wamtima wabwino chotani.

Macheza a kukampu aja anatha tsiku lomwe kunabwera kaundula wa chithandizo. Anthu anayamba kunong'onezana kuti akuti alembedwa chifukwa ndi a chipani chakuti, akuti asiyidwa chifukwa mwana wawo anavina pamsonkhano wa uje. Mwina zina zinali zoona, mwina zina zinali mphekesera chabe, koma popeza mayina analembedwa m'chipinda anthu ochepa ali momwemo, aliyense anakhulupirira zomwe ankaopa. Achikhala kuti mayinawo anawerengedwa pabwalo, wachikulire mmodzi ndi wachinyamata mmodzi akutsimikizira khomo ndi khomo, mphekeserazo zikanasowa poima.

Dziko lino lili ndi lamulo la mtendere ndi umodzi la 2022, lomwe linakhazikitsa Malawi Peace and Unity Commission ndi makomiti ake m'maboma. Kulinso a NICE ophunzitsa anthu za demokalase, a PAC omwe ndi bungwe la zipembedzo, ndi makomiti omwe amakumanitsa zipani nthawi ya chisankho. Ntchito yawo ndimaiona ndipo ndimailemekeza. Pempho langa ndi lakuti zokambirana zisamathere m'maholo a pa boma ku Nsanje ndi ku Chikwawa, komwe amapita anthu omwewomwewo ovala bwino, ndiponso zisamangochitika chisankho chikayandikira. Chidani chimafesedwa pa kampeni koma chimakula m'zaka zinayi zapakatizo, pamjigo, pamaliro, pa siteji. Bwerani ku Marka, ku Ndamera, ku Fatima, ku Chapananga, kwa Makhuwira. Mawailesi athu a m'dera, Nyanthepa ndi Gaka, akhoza kumaika gogo ndi mdzukulu pa pulogalamu imodzi, mu Chisena ndi Chimang'anja, akambirane nkhani imodzi yokha monga ya kusamuka kapena ya ngalande, wandale asakhalepo.

Pamaliro ndi pomwe mudzi wonse umakumana popanda kuitanidwa ndi alawansi. Anyamata timadzuka m'bandakucha kukakumba manda, atsikana amatunga madzi ndi kuphika, akuluakulu amakhala pa siwa. Kenako pamabwera wandale ndi envulopu ya chipepeso, amapatsidwa nthawi yolankhula, mawu ake n'kusanduka kampeni, ndipo ofedwa amatsala akuwerengedwa kuti ndi a chipani chake. Mafumu athu, kuyambira a Paramount Lundu mpaka nyakwawa wa mudzi waung'ono, ali ndi mphamvu yoletsa zimenezi. Ali ndi mphamvunso yonena kuti pabwalo lawo munthu asabwere atavala makaka a chipani, ndipo wofunsa mnzake kuti wakutuma ndani ayambe wayankha funso lomwe lafunsidwalo. Mfumu ikanena zimenezi kamodzi pamaso pa anthu, bambo wa mukomiti uja sangabwerezenso.

Kwa anyakwawa a midzi yonse ya m'mbali mwa Shire, Ruo, Mwanza, Mkombedzi wa Fodya, Lalanje ndi Thangadzi, ndikupempha kuti mvula isanayambe chaka chino muitanitse msonkhano wa komiti yoona za ngozi, achinyamata akhale kutsogolo limodzi ndi makolo awo. Tigwirizane kuti ndani azilandira uthenga wa zanyengo pa foni n'kuufikitsa kwa omwe alibe foni, mabwato ali ndi yani, njira yothawira ndi iti, makomo a nkhalamba ndi olumala ndi ati, ndipo kaundula akadzafunika adzalembedwa pati, pamaso pa ndani. Mlembi wa msonkhanowo akhale wachinyamata, ndipo zomwe walemba aziwerenge mokweza anthu asanabalalike. Ife a pa siteji ya Bangula takambirana kale kuti tsiku limenelo tidzanyamula azigogo a m'midzi yoyandikira kupita nawo kubwalo osawalipiritsa.

Ine wanu,
Woyendetsa kabaza,
Bangula, Nsanje